Mbiri ya ngongole ikabedwa, wageni wa ku Dowa ndi Ntchisi athawire kuti?

Aliyense amene anapemphako ngongole ku banki, ku SACCO kapena ku mabungwe a ngongole zing'onozing'ono m'zaka zapitazi akuidziwa fomu ija. Imafuna dzina lonse, nambala ya chiphaso cha unzika, mudzi, mfumu yaikulu, nambala ya foni, dzina la mkazi kapena mwamuna wanu, geni yomwe mumachita, ndalama zomwe mumapeza pa mwezi, katundu wa chikole ndi maina a mboni. Chakumapeto, nthawi zambiri m'timalemba ta Chingerezi, pamakhala chiganizo chonena kuti mwalola mbiri yanu ya ngongole kutumizidwa ku CRB. Ambiri amangosaina kapena kudinda chala. Palibe chowadzudzulira. Mlangizi wa ngongole wabwera pa njinga yamoto ndipo ali ndi magulu ena oti awafikire dzuwa lisanalowe, pomwe mayi wogulitsa tomato pa Mponela maganizo ake ali pa mpamba woti akapikulire m'mawa.

Kuchokera tsiku limenelo, dzina la mayiyo limakhala m'makina omwe iye sanawaonepo, m'manja mwa anthu omwe sadzakumana nawo. Makinawo akathyoledwa, kapena wina akangopatsidwa zomwe zili m'menemo mwachinyengo, woyamba kulira ndi iyeyo.

CRB ndi bungwe losunga mbiri ya momwe anthu ndi mabizinesi amabwezera ngongole. Obwereketsa amatumizako maina a omwe awakongoza, kuchuluka kwa ndalama, ndi ngati akubweza bwino kapena akuzemba. Munthu akapita kukapempha ngongole kwina, obwereketsa atsopanowo amayamba afunsa kumeneko. Lamulo lokhazikitsa mabungwe oterewa m'dziko muno linabwera mu 2010, koma kwa zaka zingapo mabanki ankakokera m'mbuyo ponena kuti sangaulule zinsinsi za makasitomala awo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulolo kuti kutumiza mbirizo kukhale kokakamiza. Mabungwe awiri odziwika pa ntchitoyi ndi Credit Data CRB ndi TransUnion, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Ine sinditsutsana ndi ntchito imeneyi. Kwa munthu wa ku Kamsonga kapena ku Nambuma amene alibe nyumba ya m'tauni yoti apereke ngati chikole, mbiri yabwino ndiye chikole chake. Wabweza ngongole zitatu osaphonya, zalembedwa, ndipo yachinayi akhoza kuipeza yokulirapo. Anthu a ku Dowa anali m'gulu la oyamba kuonetsa kuti zimenezi zimatheka. Mu 2007 akatswiri a zachuma Xavier Giné, Jessica Goldberg ndi Dean Yang anachita kafukufuku pakati pa alimi a papirika pafupifupi 3,200 a m'maboma a Dowa, Kasungu, Mchinji ndi Dedza, omwe ankafuna ngongole ya zipangizo za ulimi ku Malawi Rural Finance Company. Alimi a m'makalabu ena anajambulidwa zidindo za zala, ena ayi. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2012, zinaonetsa kuti alimi omwe ankaoneka okayikitsa kwambiri pa kubweza anabweza bwino atadziwa kuti chala chawo chasungidwa ndipo sangadzabwerenso ndi dzina lina. Chakumapeto kwa 2006 ndi kuchiyambi kwa 2007, m'dera la mfumu yaikulu Chakhaza, bungwe la Concern Worldwide linapereka ndalama za chithandizo cha njala kwa mabanja pafupifupi 11,000 kudzera m'makadi a banki ya Opportunity okhala ndi chidindo cha chala, galimoto ya banki ikufika m'midzi. Anthu a m'mapiri awa akhala akupereka zala ndi maina awo ku makina kwa zaka zambiri, mokhulupirira. Funso lomwe silinafunsidwe mokwanira ndi lakuti osungawo akuzisunga bwanji.

CRB ili ngati nkhokwe imodzi yomwe mudzi wonse wathiramo chimanga chake. Ubwino wake ndi woti aliyense akudziwa pomwe pali chakudya, koma mbava ikaboola pansi, palibe khomo lopulumuka.

Ku South Africa zinachitika kawiri m'zaka ziwiri. Mu August 2020 kunamveka kuti kampani ya Experian, imodzi mwa ma CRB akuluakulu kumeneko, inapereka mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni ndi mabizinesi 793,749 kwa munthu wachinyengo. Palibe makina omwe anathyoledwa. Munthuyo anangodzionetsa ngati woimira kampani ina yodziwika yomwe ikufuna chithandizo, ndipo anapatsidwa. Zinthuzo zinaperekedwa mu May, koma anthu anauzidwa mu August, ndipo pambuyo pake zina mwa izo zinapezeka pa intaneti. Mabizinesi oposa 24,000 anaululidwa ndi manambala a maakaunti awo a ku banki omwe. Wolakwayo anagamulidwa zaka 15 m'ndende mu 2023, koma kumangidwa kwake sikunabweze zomwe zinali zitamwazika kale.

Mu March 2022 inali nthawi ya TransUnion ya ku South Africa. Gulu la akuba a pa kompyuta lodzitcha N4ughtySecTU linalowa m'makina ena a kampaniyo pogwiritsa ntchito dzina ndi mawu achinsinsi a kasitomala wovomerezeka, kenako linafuna dipo la madola 15 miliyoni. Akubawo ananena kuti mawu achinsinsi omwe anawatsegulira khomo anali "Password" chabe. Kampaniyo inakana kulipira, ndipo inavomera kuti anthu mamiliyoni ndi mabizinesi pafupifupi 600,000 anakhudzidwa. Mu 2024 ofesi yoteteza zinsinsi za anthu m'dzikolo, Information Regulator, inailamula kuti ikonze chitetezo chake. Amalawi ambiri omwe ali ku Joni, okhala ndi maakaunti a ku banki kapena otenga katundu pa ngongole m'masitolo, anali ndi chifukwa chodera nkhawa ngati wina aliyense. Ku America nako, mu 2017, kampani ya Equifax inabedwa mbiri za anthu pafupifupi 147 miliyoni chifukwa chosakonza msanga pulogalamu yomwe inali itadziwika kale kuti ili ndi mpata.

Sindikuneneza ma CRB a kuno kuti anabedwa. Koma asatinamize wina kuti Malawi ndi dziko losauka loti akuba oterewa sangalilabadire. Mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowedwa ndi achiwembu omwe akufuna dipo, ndipo kwa milungu ingapo anthu sanathe kulandira mapasipoti. Ngati zinatheka ku nthambi ya boma yoona za anthu olowa ndi kutuluka, zingatheke paliponse pomwe pasungidwa maina ambiri.

Tiyeni tione chomwe chingachitike kwa mwini golosale wa pa Madisi mbiri yake ikagwera m'manja olakwika. Kampani yaikulu ili ndi maloya, owerengera ndalama ndi akatswiri a makompyuta. Koma kwa mwini golosaleyu, bizinesi ndi iye mwini. Foni yomwe amaimbira ana ake ku sukulu ndi yomweyo amalandirira ndalama za makasitomala, yomweyo amalipirira kohoselo ku Lilongwe, ndipo simu khadi yake inalembetsedwa ndi chiphaso chomwecho chili pa fomu ya ngongole. Kuyambira pomwe bungwe lopereka ziphaso za unzika la NRB linalembetsa anthu oposa 9 miliyoni mu 2017, kenako bungwe loyang'anira za mafoni ndi mauthenga la MACRA n'kulamula mu 2018 kuti simu khadi iliyonse ilembetsedwe, nambala imodzi ya chiphaso ndiyo yamanga pamodzi foni, akaunti, ngongole ndi chithandizo cha boma. Wakuba akaipeza pamodzi ndi tsiku lobadwa ndi nambala ya foni, wapeza poyambira pabwino.

Mauthenga achinyengo tonse tikuwadziwa: "Ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena wina woimba akulira kuti watumiza ndalama molakwitsa. Ambiri tinaphunzira kuwanyalanyaza. Mu 2023 MACRA inati Amalawi ankaberedwa pafupifupi K120 miliyoni pa mwezi kudzera m'chinyengo cha ndalama za pa foni, ndipo akubawo ambiri amangoponya mwala m'tchire osadziwa yemwe ayankhe. Tsopano taganizani woimbayo akukutchulani dzina lonse, akutchula bungwe lomwe munakongolako, ndalama yomwe yatsala ndi tsiku lomwe munachedwa kubweza, kenako n'kunena mwaulemu kuti, "Bambo, dzina lanu likupita ku CRB lero masana, koma mukatumiza theka pa nambala iyi tiliimitsa." Ndi angati angakayike? Mantha a mawu oti CRB ndi aakulu pakati pa ageni, ndipo wakuba amadziwa kuwagwiritsa ntchito. Amadziwanso nyengo. Kuyambira April, pomwe fodya wayamba kugulitsidwa ku Kanengo ndi ku Chinkhoma, soya ndi mtedza zikutuluka m'midzi ya Ntchisi, m'mafoni a anthu mumakhala ndalama.

Chinyengo china ndi chosinthitsa simu khadi, ndipo ichi n'choopsa kwambiri kudera la mapiri. Wakuba amapita ndi mbiri yanu kukanena kuti foni yatayika, n'kutenga khadi yatsopano ya nambala yanu. Chizindikiro chake n'chakuti foni yanu imangoti zii, netiweki osaonekanso. Munthu wa mumzinda amadabwa nthawi yomweyo. Koma kwa wokhala kuseri kwa phiri la Ntchisi kapena m'zigwa za ku Mvera, kumene netiweki imatha kusowa tsiku lathunthu ndipo magetsi otchajira foni ndi apatali, kuzima kwa foni si nkhani. Pofika tsiku lokwera pachulu kukaimba, akaunti yapukutidwa, ndipo mwina ngongole ya pa foni yatengedwa kale m'dzina lake.

Kuipa kwa ngongole yotengedwa m'dzina la wina n'kwakuti imabwereranso ku CRB komweko ngati ngongole yosabwezedwa. Woberedwa uja ndiye amalembedwa kuti ndi wozemba. Iye sadziwa kanthu mpaka mwezi wa October kapena November, pomwe akufuna ndalama zoti aodere feteleza ndi mbewu zogulitsa m'shopu yake mvula isanagwe, n'kuuzidwa kuti, "Pepani, dzina lanu lili ndi vuto." Kuti akonze, ayenera kutseka shopu, kulipira minibasi, kukatenga kalata ku polisi, kukaima m'maofesi mumzinda, mwina n'kuuzidwa kuti abwerenso. Pomwe dzina likuyera, nyengo yogulitsa yapita. Ngati amakongola pa gulu, anzake nawonso akhoza kuimitsidwa, ndipo m'mudzi mumayamba manong'onong'o oti anadya ndalama mobisa. Ena amathera kwa akatapila, komwe chiwongoladzanja chimameza phindu lonse.

Pali mfundo ina pa nkhani za ku South Africa zija yomwe ikutikhudza mwachindunji. Konse kuwiri, khomo lomwe wakuba analowera linali la kasitomala: kwina anadzionetsa ngati kasitomala, kwina anaba mawu achinsinsi a kasitomala. Makasitomala a CRB ndi obwereketsa. Choncho kaofesi kakang'ono ka SACCO kapena ka bungwe la ngongole pa boma la Ntchisi kapena pa Mponela, ngati kali ndi njira yofunsira ku CRB, ndi khomo lolowera ku mbiri za dziko lonse. M'maofesi ambiri ang'onoang'ono, mosatengera dzina la bungwe, chizolowezi n'chimodzi: kompyuta imodzi, mawu achinsinsi amodzi ogwiritsa ntchito onse, nthawi zina olembedwa pa kapepala komatidwa pakhoma. Wantchito akasiya ntchito amapita nawo m'mutu, ndipo palibe amene amawasintha. Alangizi ena amajambula ziphaso za anthu ndi foni yawoyawo n'kutumiza ku ofesi pa WhatsApp, zithunzi n'kukhala m'foni momwemo mpaka tsiku lomwe foniyo idzabedwe kapena kugulitsidwa.

Pitani pa shopu iliyonse yofotokopa pafupi ndi ofesi ya ngongole tsiku lolembetsa. Makina akatulutsa pepala lodetsedwa, mnyamata amaliponya m'katoni ya pansi pa tebulo n'kujambulanso lina. Pepala lotayidwalo lili ndi nkhope, dzina, tsiku lobadwa ndi nambala ya chiphaso, zonse zowerengeka. Madzulo katoniyo imakhuthulidwa kudzala, kapena mapepalawo amatengedwa ndi wogulitsa zitumbuwa kuti azikulungira. Pa kanyumba ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, buku lolembamo manambala a makasitomala ndi ndalama zomwe atapa limakhala chotsegukira pa kauntala, aliyense wodikira akuwerenga. Apa wageni wamng'ono ndi wosunga zinsinsi za anzake, ndipo lamulo latsopano likumuonanso motero.

Lamulo limenelo ndi Data Protection Act, lomwe linayamba kugwira ntchito mu June 2024, ndipo linapatsa MACRA udindo woteteza zinsinsi za anthu. Likutsamira pa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino, lomwe limapatsa munthu aliyense ufulu wosunga zinsinsi zake. Limati wosunga mbiri za anthu atenge zokhazo zofunika pa ntchito yake, azisunge motetezeka, ndipo zikabedwa kapena kuululika adziwitse MACRA pasanathe maola 72. Limapatsanso munthu ufulu woona zomwe zalembedwa za iye ndi kuuza osungawo kuti akonze zolakwika. Ndi lamulo labwino. Koma pa msika wa Malomo kapena pa Chezi mungafunse anthu tsiku lonse osapeza wodziwa kuti lilipo.

Pali zomwe wageni angachite yekha osadikira boma, ndipo zambiri sizifuna ndalama. Chachikulu ndi kudziwa zomwe zalembedwa za iwe. Pemphani lipoti lanu ku CRB, kapena funsani komwe mumakongola akuuzeni njira yake, ndipo muchite zimenezi nyengo yokolola, miyezi ingapo musanafune ngongole ina, kuti ngati muli cholakwika mukhale ndi nthawi yochitsutsa. Mukamaliza kubweza ngongole, musachoke opanda kalata yosonyeza kuti mwamaliza, ndipo muisunge pamodzi ndi malisiti m'pulasitiki momwe chiswe ndi mvula sizingafike. Pa fotokope iliyonse ya chiphaso chanu lembani ndi bolopeni, modutsa pakati, kuti ndi ya chiyani, ya bungwe liti ndi tsiku, kuti wina asakaigwiritse ntchito kwina. Mapepala olakwika muwatenge, ndi anu.

Nambala yachinsinsi isakhale chaka chomwe munabadwa, chifukwa chakacho chili pa chiphaso. Musaitchule kwa wina aliyense pa foni, ngakhale woimbayo atadziwa dzina la agogo anu. Wodziwa zambiri za inu ndiye woyenera kumukayikira kwambiri. Dulani foniyo, imbani nambala ya mlangizi yemwe mumamudziwa nkhope, kapena pitani ku ofesi. Chimodzimodzi uthenga ukabwera woti kohoselo asintha akaunti yolipirira: imbani kaye pa nambala yakale musanatumize ngakhale tambala. Ndipo foni yanu ikasowa netiweki pomwe ya mnzanu wa kampani yomweyo ikugwira pamalo omwewo, musagone, pitani kwa ejenti kapena ku shopu ya kampaniyo tsiku lomwelo. Amene angakwanitse akhale ndi nambala yapadera ya banki ndi ngongole, yosiyana ndi yomwe yalembedwa pa chikwangwani cha shopu.

Magulu a banki mkhonde ndi makalabu a alimi nawonso aganizepo. Buku la mlembi, lomwe muli maina, manambala ndi ngongole za mamembala onse, lizitsekeredwa m'bokosi limodzi ndi ndalama. Wobwera ndi mawu okoma oti "tikulemba maina a olandira chithandizo" afunsidwe kalata ya kwa DC ndipo adutse kwa amfumu, chifukwa maina ambiri amatoledwa m'midzi mwa njira imeneyi popanda wodziwa komwe amathera.

Komabe kungakhale kupanda chilungamo kusenzetsa mtolo wonse mayi wa tomato uja. Ngakhale anasaina fomu ija, iye sanasankhe kwenikweni kuti dzina lake lipite ku CRB. Lamulo ndilo linakakamiza. Sangathe kuona momwe makinawo akutetezedwera, ndipo sangachotse dzina lake n'kupita nalo kwina. Amene amapindula ndi mbiriyo, omwe ndi ma CRB ndi obwereketsa, ndiwo ayenera kusenza gawo lalikulu. CRB isamapereke mbiri kwa aliyense wodzitcha kasitomala isanatsimikize kuti ndi iyedi. Wantchito aliyense wa obwereketsa akhale ndi mawu achinsinsi akeake, otsimikizidwanso ndi nambala yobwera pa foni, ndipo atsekedwe tsiku lomwe wasiya ntchito. MUSCCO, yomwe imasonkhanitsa ma SACCO, ingathe kuphunzitsa zimenezi mamembala ake popanda kudikira lamulo lina.

Chinthu chimodzi chomwe chingathandize kwambiri anthu akumudzi ndi uthenga wa pa foni. Nthawi iliyonse wina akafunsa mbiri yanu ku CRB, kapena ngongole yatsopano ikalembedwa m'dzina lanu, muzilandira uthenga waufupi m'Chichewa. Mabanki amatitumizira kale uthenga tikatapa ndalama, choncho luso lake lilipo. Munthu azithanso kutseka mbiri yake kuti pasapezeke wotenga ngongole m'dzina lake mpaka iye mwini atatsegula. Ku America njira imeneyi inakhala yaulere mu 2018, pambuyo pa nkhani ya Equifax, ndipo ku South Africa bungwe la SAFPS limalemba maina a omwe aberedwa ziphaso kuti obwereketsa azifufuza kawiri asanakongoze. Kuno njira yotere iyenera kutheka pa foni ya mabatani, chifukwa ndiyo foni ya ambiri ku Dowa ndi ku Ntchisi.

Tsiku lomwe mbiri zidzabedwe, chidziwitso cha Chingerezi m'nyuzipepala kapena pa intaneti sichidzakwanira. Anthu adzauzidwe pa wailesi, m'Chichewa, kudzera kwa alangizi a ngongole omwewo amene amadziwa njira ya kumudzi uliwonse pa tsiku lotolera ndalama. Woberedwa asamalipire kuti dzina lake liyeretsedwe, ndipo pomwe nkhani yake ikufufuzidwa, ngongole yokayikitsayo isamamutsekere khomo kwa obwereketsa ena.

A Reserve Bank ndi a MACRA, mphamvu zonse zofunika muli nazo kale m'malamulo a 2010, 2016 ndi 2024. Yenderani ma CRB ndi obwereketsa, onani momwe akusungira maina athu, tiuzeni poyera zomwe mwapeza, ndipo bwerani pa Mponela, pa Madisi ndi pa boma la Ntchisi tsiku la msika mudzafotokozere anthu komwe angakadandaule.